Galimoto yokana kulira m'mawa kukazizira

Nyengo yozizira itangoyamba, galimoto yanga inayamba kuvuta m'mamawa. Ndikapotokola kiyi, sitata inkangodzikoka mwaulesi, kenako zii. Masana kukafunda inkalira bwinobwino.

Kuzizira kumafooketsa batire, komanso oyilo amalimba, ndiye injini imalemera kuizunguza. Ndinayeza batire ndi multimeter (mita yoyezera mphamvu ya magetsi) galimoto itagona usiku wonse, inawerenga 12.5 volts. Yodzadza bwino imakhala pafupifupi 12.6, choncho sinali yakufa ayi. Vuto linali pamitu ya batire. Panali pataundana ufa woyera mobiriwira, ndipo waya wa negative (wa chizindikiro cha -) unkagwedera ndi chala chokha.

Ndinayamba kumasula negative, kenako positive (wa chizindikiro cha +). Dongosolo limeneli musalisinthe, chifukwa sipanala ikagunda chitsulo cha galimoto positive ikumasulidwa poyamba, moto umathetheka. Ndinatsuka ndi madzi osakaniza soda wophikira, n'kukwecha ndi burashi yawaya mpaka mtovu unawala. Zitauma ndinabwezera positive poyamba, kumanga zolimba, n'kupakapo girisi pang'ono. Injini ikulira mita inawerenga 14.2, kusonyeza kuti alternator (chipangizo chopanga magetsi m'galimoto) ikutchaja batire.

M'mawa mwake galimoto inalira nditangopotokola kiyi kamodzi kokha. Matayala ndinawapopanso, poti kukazizira mpweya umatsika.