Mawindo ndi denga: kumanga nyumba yosatentha kuno ku Kasungu

Abale amene mukumanga kuno ku Kasungu, musanagule mafelemu a mawindo taimani kaye muone komwe dzuwa limadutsa. Ife tili kummwera kwa equator ndiye mu June ndi July dzuwa limapendekera kumpoto, mawindo aakulu ikani mbali imeneyo kuti dzuwa lilowe masana litenthetse simenti ndi njerwa, usiku nyumba imakhala yofunda bwino. Kumadzulo kokha ayi ndithu, dzuwa la October likamenya galasi chakumadzulo chipinda chimasanduka uvuni, ikani kawindo kakang'ono kapena dzalani mango pamenepo.

Mawindo a malova, a timagalasi tosanjikizana totsekula aja, ndi abwino polowetsa mpweya koma nthawi yozizira mphepo imalowa m'mipata, ine kuchipinda chogona ndimakonda windo lotseka bwinobwino ndi makatani okhuthala. Magalasi ophatikiza awiri aja ndi odula, ndalamazo kuli bwino zipite kudenga poti kutentha kwambiri kumachokera ku malata. Ikani siling'i, pansi pa malata yalani foyilo yonyezimira ija, siyani kampata koti mpweya wotentha uzituluka, ndipo malata atulukeko kunja mokwanira kuti mthunzi uzifika pawindo nthawi yotentha.