Momwe mungakonzere masilaidi a kukoleji kuti wa kumbuyo nayenso atolepo kanthu

Lamlungu lina madzulo, mwana wa achemwali anga amene akuphunzira pa koleji ina muno mu Harare adatulukira kwathu ku Mufakose, laputopu ili kukhwapa. "Amalume, tandionerani izi, Lachiwiri ndikaima kutsogolo." Nditatsegula ndidapeza masilaidi 34, zilembo zili thothotho ngati nyerere pa shuga, pomwe aphunzitsi adamupatsa mphindi 10 zokha. Zimene tidachita usiku umenewo ndi zomwe ndikukupatsani pano.

Choyamba, tsekani kompyutayo. Tengani pepala, mulembe m'chiganizo chimodzi chimene mukufuna kuti anzanu atuluke nacho m'kalasi. Chikakukanikani, ndiye kuti nkhaniyo simunaigwire, ndipo mapulogalamu okonzera masilaidi monga PowerPoint kapena Canva sakugwirirani. Onaninso pepala la aphunzitsi losonyeza kagawidwe ka malikisi ndi mphindi zimene mwapatsidwa. Munthu wolankhula Chingerezi mosathamanga amatchula mawu pafupifupi 130 pa mphindi, choncho mphindi 10 ndi mawu 1,300 basi. Masilaidi 8 kapena 10 akwana.

Kenako bwerani pa silaidi yeniyeniyo, ndipo apa ndipo ambiri amagwa. Mutu wake uzinena kanthu. Musalembe "Chiwerengero cha anthu" n'kusiyira pomwepo. Lembani kuti mu 2022 Zimbabwe inali ndi anthu opitirira 15 miliyoni, pansi pake muike tchati chimodzi, m'munsi mwenimweni mutchule ZIMSTAT, bungwe la boma loona za ziwerengero, ndi chaka. Aphunzitsi akamafunsa kuti mwazitenga kuti, yankho lili kale pakhoma. Tebulo la mizere 20 lomwe mwakopera m'buku lisalowe lonse, tengani mizere iwiri kapena itatu imene mukufuna kuikamba, yotsalayo isungeni kumapeto podikira mafunso.

Zilembo zisachepere saizi 24, za mutu zipitirire 30. Muyeso wake ngwapafupi: ikani laputopu patebulo, mubwerere m'mbuyo mapazi asanu. Chimene simukuchiwerenga inu, wa pabenchi yomaliza sachiona n'komwe. Mitundu nayo imanyenga. Chikasu chimene chikuwala bwino pa laputopu yanu chimazimirira pa pulojekita masana dzuwa likulowera pazenera, ndiye lembani zakuda pa zoyera. Pa tchati musadalire kufiira ndi kubiriwira kokha posiyanitsa zinthu, chifukwa alipo anthu amene maso awo sasiyanitsa mitundu iwiriyi. Za zilembo zouluka ndi zozungulira zija, ine ndimati zisiyireni a makadi a ukwati.

Mawu onse amene mwachotsa pa silaidi musataye. Aikeni m'kabokosi ka manotsi kamene kali pansi pake. Mukayatsa Presenter View, inu mumaona manotsiwo ndi wotchi, anzanu akuona silaidi yokha.

Tsopano yesezani, mokweza, mutaimirira, foni ikuwerenga mphindi. Kuwerenga chamumtima n'kudzinamiza. Ana athu kuno amalankhula Chichewa ndi agogo awo, Chishona m'kombi, Chingerezi m'kalasi, ndipo mantha akagwira, lilime limasowa kolowera. Ndiye lowezani ziganizo ziwiri zoyambirira mpaka zizituluka zokha, ndipo mawu ovuta kutchula muwabwereze kangapo. Mwana uja adaima pabalaza pathu katatu, azakhali ake ali pampando ngati aphunzitsi. Ulendo woyamba adatha mphindi 16, wachitatu 9 ndi theka. Ngati ndi ntchito ya pagulu, gwirizanani kuti ndani akupatsira ndani, ndiponso ndani akudina masilaidi, osati kumakodolana anthu akuyang'ana.

Za kuthimathima kwa magetsi sindingakuuzeni zachilendo, tonse tikukhala mu Harare momwemuno. Sungani ntchito yanu pawiri, ya PowerPoint ndi ya PDF, chifukwa PDF sisintha maonekedwe pa kompyuta ya eni. Zonse ziwiri zikhale pa fulashi, pa imelo ndi m'foni. Ngati mwakonzera pa Google Slides, tsitsani fayiloyo muli kunyumba. Musakayembekezere intaneti ya m'kalasi, ndipo kanema aliyense akhale wotsitsiratu. Tchajani laputopu usiku. Sindikizani masilaidiwo asanu ndi limodzi pa tsamba, makope angapo, kuti pulojekita ikazima mugawe mapepala n'kupitiriza. Funsiranitu ngati pulojekita ya m'chipindacho ndi ya HDMI kapena ndi yakale ija ya VGA, ya pulagi ya buluu. Malaputopu ambiri atsopano alibe polowetsa VGA, pamafunika kachingwe kolumikizira, ndipo m'mashopu a zamakompyuta m'tauni kamapezeka.

Tsiku lake lawirirani. Wochokera ku Mufakose, Highfield kapena Epworth kupita mbali ya Mount Pleasant, komwe kuli Yunivesite ya Zimbabwe, amayenera kutsika m'tauni n'kukwera ina, ndipo mzere wa m'mawa sumva zoti muli ndi malikisi okudikirani. Fikani kalasi isanadzaze, mulumikize, muone ngati zonse zikuoneka. Mu PowerPoint, batani la F5 limayambitsa masilaidi kuchokera poyamba. Mukafuna kuti maso onse abwere kwa inu, dinani B, sikirini ida, mukadinanso ibwerera.

Polankhula, nkhope ikhale kwa anthu, khoma likhale kumsana. Sankhani munthu mmodzi wa kumbuyo kwenikweni muzimulankhula iyeyo, mawu adzakwera okha. Silaidi yomaliza isakhale ya "zikomo" yekha; bwezanipo chiganizo chija mudalemba papepala, chikhale pakhoma nthawi yonse ya mafunso. Funso likakukulirani, nenani kuti mbali imeneyo simunaifufuze, kenako mufotokoze zomwe mwapeza. Aphunzitsi amamuzindikira msanga wongopeka.

Mwana uja adapita ndi masilaidi 9. Adandiimbira ali m'kombi pobwerera: funso limene ankaliopa silidabwere, koma pulojekita inalidi ya VGA. Kachingwe kanga sadandibwezerebe mpaka lero, akuti kakuyendayenda m'gulu lawo.