Momwe mungaunikire ndi kuikira makorali olimba m'thanki ya madzi a mchere

Kuno ku Salima kusunga mbuna m'thanki yagalasi si nkhani yachilendo, makamaka ku Senga Bay. Koma amene wasirira thanki ya madzi a mchere yokhala ndi makorali adziwe kuti nzeru za mbuna zimathera pakhomo. Mbuna imakhala ndi nyali iliyonse. Korali wolimba, uja womanga chigoba cha laimu, chakudya chake chambiri chimachokera m'kuwala. M'thupi mwake mumakhala tindere ting'onoting'ono totchedwa zooxanthellae, timene timapanga chakudya tikalandira kuwala n'kumagawira mwini nyumba. Kuwala kukachepa korali amabiriwira ndi kusiya kukula. Kukachuluka amalavula tindere tija n'kuyera ngati choko.

Za madzi sitichedwapo. Akhale a RO (osefedwa ndi makina a reverse osmosis) osakaniza ndi mchere wa m'mathanki, muyeso wa mcherewo (specific gravity) ukhale pa 1.025 kapena 1.026, alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi) pakati pa 7 ndi 9 dKH, calcium 400 mpaka 450 ppm. A m'nyanja yathu ndi a pampopi aiwaleni.

Choyamba dziwani amene mwagula ndi wa gulu liti. A SPS, monga Acropora, Montipora ndi Stylophora, ali ndi timilomo ting'onoting'ono ndipo amafuna kuwala kwamphamvu, PAR (muyeso wa kuwala kumene tindere tija timagwiritsa ntchito) ya 200 mpaka 350. A LPS, monga hammer, torch, Duncan ndi Trachyphyllia, ndi aminofu, ndipo 50 mpaka 150 imawakwanira. Woyamba kumene ayambe ndi LPS ndi Montipora. Acropora ndi wosakhululuka. Apa ndiyikepo chenjezo: makorali olimba onse ali pa mndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a zamoyo zotetezedwa, choncho wogulitsa amene akuti "ndabwera nawo m'chigubu kuchokera kugombe, mapepala musadere nkhawa" mumusiye apite. Ena amatumiza chithunzi pa WhatsApp chojambulidwa pansi pa nyali yabuluu, korali akuoneka ngati maluwa a paukwati, koma pofika mupeza chigoba chofa theka. Pemphani chithunzi cha pa nyali yoyera.

Nyali ikhale ya LED yopangidwira makorali, yokhala ndi buluu wambiri wa pakati pa 420 ndi 470 nm, ndipo ikhale yotheka kuchepetsa mphamvu. Zotchipa zolembedwa "full spectrum" zambiri ndi za mbewu, zodzaza mababu ofiira ndi oyera, ndipo zimangokulimirani ndere pagalasi. Yeniyeni mtengo wake umatsata dola, n'kuwonjezapo wonyamula ndi msonkho, koma kugula kawiri kumapweteka koposa. Ipachikeni masentimita 20 mpaka 30 pamwamba pa madzi. Mukaitsitsa kwambiri kuwala kumaunjikana pakati, m'mbali muli mdima. Iziyaka maola 8 mpaka 10 patsiku, pa taima, kuyamba pang'onopang'ono kwa ola limodzi ndi kuzima chimodzimodzi.

Tsopano pamene ambiri amagwera. Korali watsopano wakhala m'thumba lamdima masiku awiri kapena atatu kuchokera ku Johannesburg, ndipo kumene wachokera mwina nyali inali yofooka kuposa yanu. Munthu wawerenga kuti Acropora amakonda kuwala, ndiye tsiku lomwelo amamumata pansonga pa mwala, nyali ili pa 100%. Masiku oyamba palibe choipa chimaoneka. Mtundu umachita kuwala, mwini n'kumaitana anzake adzaone. Kuwala kwa mtunduko ndiye chiyambi cha matenda, chifukwa tindere tayamba kutuluka. Sabata yachiwiri nsonga ndi mbali yoyang'ana kumwamba zimayera, kunsi kudakali mtundu. Fulumira adadya gaga.

Chitani chonchi. Aliyense watsopano, kaya SPS kaya LPS, ayambire pamchenga kapena pakashelefu kam'munsi. Tsitsani nyali kufika theka la mphamvu imene mukufuna kudzafikapo, ndipo muzikweza 5% ya mphamvu imeneyo pakapita masiku anayi kapena asanu. Pakatha milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri muli pamalo. Kukweza mphamvu ya nyali ndi kukweza korali pamwala musachite sabata imodzi, chifukwa akadwala simudziwa chalakwa n'chiti. Muzimuyang'ana masana. Timilomo tikatuluka, minofu itafufuma, ali bwino. Akadzikoka n'kumaonetsa mano a chigoba, mubwezeni m'munsi tsiku lomwelo. Kuchepa kwa kuwala kumapha m'miyezi ndipo mumapeza mpata wokonza, pamene kuchuluka kumapha m'masiku. Ngati kuyera kwayambira m'tsinde, minofu ikusupuka n'kusiya chigoba pamtunda, musanamizire nyali. Yezani alkalinity.

Chipangizo choyezera PAR n'chodula ndipo kuno n'chosowa. Pulogalamu ya lux ya pafoni siwerenga bwino buluu, imakuuzani kuti kuwala n'kochepa pamene kuli kootcha. Bola kudalira maso ndi kuyamba m'munsi.

Akazolowera, Acropora apite pamwamba, pamene madzi akuwinduka kwambiri koma osalunjika pakamwa pa pampu. Montipora wambale akhale pakati, chakumbali, chifukwa akakula amachita ambulera n'kuphimba a pansi pake. Hammer ndi torch m'munsi, pamene madzi akungowagwedeza ngati udzu wa m'dambo. Trachyphyllia pamchenga, mwala umamucheka minofu. Siyani mpata wa masentimita 15 kuzungulira torch, ndipo Galaxea, amenenso ndi wa LPS, mupatseni woposa pamenepo. Usiku amatulutsa zingwe zazitali zoluma, m'mawa mupeza mnansi wapsa mbali imodzi. Pomata gwiritsani guluu wa super glue wa jeli, kapena epoxy pamwala wokumbika.

Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno kumakankha madzi kupitirira madigiri 29, ndipo korali wotenthedwa amayera ngakhale pa nyali imene anaizolowera. Sungani 25 mpaka 26 ndi fani yopemerera pamadzi, muchepetse nyali masiku otentha, ndipo madzi ouluka mubwezeretse a RO opanda mchere. Magetsi akathima, batire ipite ku pampu. Nyali ikhoza kudikira tsiku limodzi kapena awiri. Galasi la nyali muzilipukuta sabata iliyonse, mchere umaumirapo.