Momwe mungamangire tsitsi pa lesi popanga wigi kapena ndevu za zisudzo

Closure, kachidutswa ka tsitsi lomangidwa pa lesi (nsalu yopyapyala ya timabowo ngati neti) kotsekera pamwamba pa wigi, ikayamba kusosoka pamzere wa pakati, ambiri amangoitaya. Komatu ikhoza kukonzedwa ndi manja, ndipo luso lake ndi lomwelo limene amapangira wigi yathunthu ndi ndevu zomata zimene a zisudzo amavala. Ntchito yonse yagona pa mfundo imodzi yaing'ono imene mumaibwereza kambirimbiri.

Pezani singano ya ngowe imene ogulitsa amaitchula ventilating needle, pamodzi ndi chigwiriro chake. Nambala yolembedwa pa singano imanena kuchuluka kwa tsitsi limene ngowe imakola nthawi imodzi: 1-2 ndi ya kutsogolo pachipumi ndi ndevu, 2-3 kapena 3-4 ndi ya pakati ndi kunkhongo kumene mukufuna tsitsi lochuluka. Pafunikanso mutu wa nsalu wobayika, mapini, selotepi, pepala la buluu ndi lesi. Wophunzira ayambe ndi French lace, chifukwa ndi yolimba. Swiss lace ndi yopyapyala, pomwe HD lace, ngakhale imasowa bwino pakhungu, imang'ambika ngowe ikangoikoka pang'ono, ndipo mtengo wake si wophunzirirapo.

Pa tsitsi chenjerani ndi ogulitsa. Paketi yolembedwa kuti ndi tsitsi la munthu nthawi zina imakhala yosakaniza ndi la pulasitiki. Zulani tingapo muyatse ndi machesi. Lenileni limanunkha ngati nthenga za nkhuku yowaula ndipo limasiya phulusa lofumbutuka ndi zala. La pulasitiki limasungunuka n'kuuma ngati kamkanda. Wogulitsa wokana kuti muyese, msiyeni ndi katundu wake.

Muyeso mumatenga pokulunga mutu wa munthu ndi pulasitiki yopyapyala, kumata selotepi mizere yodutsana katatu kapena kanayi mpaka iume, kenako kujambula malire a tsitsi ndi cholembera. Ikani chipewa chimenechi pa mutu wa nsalu, pepala la buluu pamwamba kuti timabowo ta lesi tioneke, ndipo lesi muikhome ndi mapini. Ikhale yosakwinyika koma yosakokedwa. Mukaikoka kwambiri, tsiku lozula mapini imabwerera mwakale ndipo wigi imachepa.

Tsopano pano ndi pamene ntchito zambiri zimafera, singano isanagwidwe n'komwe. Tsitsi lililonse lili ndi tsinde ndi nsonga, ndipo kunja kwake kuli timamba tosanjikizana ngati ta nsomba, tonse toloza kunsonga. Tsitsi likagona mbali imodzi limatsetsereka lokha. Lina likatembenuka, timamba timakolana. Choipa chake n'chakuti pomanga simuona kanthu: wigi imaoneka bwinobwino, imapeseka, kasitomala amalipira. Ikangochapidwa kamodzi imapiringizana n'kukhala chimtolo kunkhongo, ndipo palibe mafuta amene angaichiritse. Choncho musamasule mtolo wonse. Mangani ulusi wofiira kumbali ya tsinde, muziike pathebulo tsinde likuloza kwa inu nthawi zonse, ndipo muzisolola pang'onopang'ono. Amene ali ndi timatabwa ta mano a waya totchedwa drawing cards amapanikiza tsitsi pakati pake. Amene alibe, buku lolemera limagwira ntchito. Tsitsi logwa pansi musalibwezere mumtolo. Mukakayika, gwirani limodzi pakati pa zala n'kutsetsereza mbali zonse ziwiri: kumene kukumveka kosalala mukupita kunsonga, kumene kukukhakhala mukubwerera kutsinde. Chala chonyowa chimamva bwino kusiyana kumeneku.

Vuto lomweli limabweranso popinda. Mumapinda tsitsi kumbali ya tsinde, masentimita 3 mpaka 5 basi, kuti pakhale kagoba. Kachidutswa kakafupi kotsalako kamakhala kotembenuka, ndiye kakatalika kamakolana ndi anzake. Ena amapinda pakati penipeni kuti tsitsi lichuluke msanga. Njira yachiduleyo imatheka pa tsitsi la pulasitiki kapena losendedwa timamba ndi mankhwala, osati pa tsitsi la Remy, lomwe ndi la munthu lokhala ndi timamba take tonse toloza mbali imodzi.

Mfundo yake imayenda motere. Gwirani kagoba ka tsitsi pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala cha dzanja lamanzere, singano kumanja ngati cholembera. Lowetsani ngowe pansi pa kaulusi kamodzi ka lesi, kamodzi kokha, ituluke pabowo lotsatira. Kolani tsitsi limodzi kapena awiri, mupendeketse singano pang'ono kuti ngowe isagwire lesi, ndipo mubwerere nalo pansi pa kaulusi kaja. Tsitsi lisachoke pa singano. Kankhirani singano kutsogolo, ngowe ikole mbali zonse ziwiri za tsitsi limene lili kumanzere, ipotoleni, n'kulidutsitsa mkati mwa kagoba. Kokani kamodzi mpaka nsonga ituluke, dzanja lamanzere likugwirabe molimba mpaka mfundo itamangika. Mukataya msanga, mfundo imakhala yolobodoka ndipo chipeso chimaimasula. Tsitsi lonyowetsedwa pang'ono ndi madzi limamanga mfundo yothina.

Kumene mwakokera ndi kumene tsitsi lidzagonere, choncho jambulani timivi papepala la buluu musanayambe. Yambirani kunkhongo kukwera m'mwamba, kuti lomangidwa kale lisakutchingeni. Kumbuyo mangani mfundo ziwiri pamalo amodzi, ndiye kuti kukolanso kachiwiri musanakoke lonse. Ndi yolimba koma imaoneka. Kutsogolo, masentimita awiri oyamba, tsitsi limodzilimodzi ndi mfundo imodzi, mukudumpha mabowo mosatsata mzere. Malire owongoka ngati ojambula ndi rula ndi amene amaulula wigi patali. Yang'anani chipumi cha munthu: tsitsi limayamba lapatalipatali n'kumachuluka mukamalowa mkati.

Mfundo zakuda zikamaoneka ngati timadontho, ziyeretseni ndi bleach wa tsitsi wokandidwa molimba ndi mankhwala osakanizira otchedwa developer, a mphamvu ya 20 volume, wopakidwa kunsi kwa lesi osadinikiza, ndipo muzisuzumira pakatha mphindi zingapo zilizonse. Akakhalitsa amadya mfundo, tsitsi n'kuyamba kuthothoka.

Za ndevu, muyeso ndi womwewo wa pulasitiki ndi selotepi, koma pachibwano ndi pamlomo wam'mwamba. Tsitsi la m'mutu limaoneka lofewa mopitirira pankhope. Opanga mafilimu amagwiritsa ntchito ubweya wa yak chifukwa ndi wokhakhala. Sakanizani mitundu iwiri kapena itatu, wowalirapo ukhale m'mphepete, chifukwa ndevu za mtundu umodzi zimaoneka zopenta. Za pamlomo yambirani pansi kukwera kumphuno, mbali iliyonse ikuloza pansi ndi kunja. Za kunsi kwa chibwano ziloze kutsogolo. Mangani zazitali, mudzamete zili pamutu wa nsalu. Dulani lesi n'kusiya kamphepete kochepa, matani ndi guluu wa zisudzo wotchedwa spirit gum pakhungu louma lopanda mafuta, mudinikize ndi kansalu konyowa. Pochotsa nyowetsani m'mphepete ndi spiriti kufikira ndevu zitamasuka zokha, ndipo guluu wotsala pa lesi mumtsuke ndi kaburashi tsiku lomwelo asanaume.