Mmene Tingaphunzitsire Ana Aang'ono Kumene Zinthu Zapakhomo Zimachokera

Tsiku lina ndinafunsa ana a m'kalasi yoyamba pa sukulu ina ya kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kuti andiuze kumene shuga amachokera, ndipo onse anayankha pamodzi kuti amachokera kugolosale. Nditafunsa za mafuta ophikira, mtsikana wina anati amachokera m'botolo. Anawa ndi ana a alimi, ena mwa iwo anali atadya nzimbe m'mawa womwewo, koma panalibe amene anawauzapo kuti nzimbe ija ndi shuga wa mu tiyi ndi chinthu chimodzi. Anthu ambiri timaganiza kuti mwana wobadwira pakati pa minda amadziwa yekha zinthu zimenezi, koma amadziwa zokhazo zimene waona ndi maso ake, ndipo ana okulira m'tauni ya Ulongwe, ku Moatize kapena mumzinda wa Tete aona zochepa kwambiri. Njira imene ndaona kuti imagwira ntchito ndi yomulola mwana kutsatira chinthu chimodzi ndi manja ake kuchokera m'nthaka mpaka m'mbale, asanamve dzina lake m'buku.

Yambani ndi nsima, chifukwa ndiyo imene mwana amadya tsiku lililonse ndipo ulendo wake wonse ungathe kuoneka pakhomo pomwepo. Musayambe ndi kufotokoza. Tengani chimanga chimodzi m'nkhokwe kapena kumsika, mumupatse mwanayo kuti atonole yekha, aone kuti njere zikachoka pamatsala chitsononkho. Njerezo zigaweni patatu. Zina azibzale, zina azisunge m'kachitini kuti azidzafanizira, ndipo zina zipite mumtondo. Ngakhale kuti masiku ano mabanja ambiri amakonoletsa kuchigayo, pa phunziro ili mtondo ndi wofunika, popeza mwana amaona ndi maso ake khungu la chimanga likusupuka. Amayi kapena agogo akonole, mwanayo agwire munsi kawiri katatu kuti amve kulemera kwake, kenako aonerere popeta pa lichero, pamene gaga amapita kwina ndipo mphale imatsala. Mufunseni kuti gagayo apita kuti, ndipo akalephera kuyankha mupite naye kukhola la nkhuku kapena la nkhumba kuti akathire yekha. Pamenepo wayamba kale kumvetsa kuti dzira ndi nyama nazonso zili ndi mbali yake m'munda wa chimanga.

Mphale ikaviikidwa masiku angapo, mwana anunkhize madzi ake owawasa, athandize kuyanika pa mphasa, ndipo tsiku lopita kuchigayo mumutenge. Muimitseni patali ndi malamba a makina, ndipo mumugwire dzanja nthawi yonse imene chigayo chikulira. Ufa ukatuluka augwire ukadali wofunda. Madzulo ake, pamene nsima ikuvundulidwa ndi mthiko, ikani pa mphasa zinthu zisanu motsatizana, chimanga chosatonola, njere, mphale, ufa ndi nsima, kenako muzisokoneze kuti iye azikonzenso mwa dongosolo lake. Masewero amenewa ana amawakonda kwambiri, ndipo mwana wa zaka 5 amatha kuwachita bwinobwino pakapita masiku awiri okha. Mukafuna kuwonjezera, muonetseni kusiyana kwa ufa woyera ndi mgaiwa, ndipo mumuuze moona kuti mgaiwa uli ndi chakudya chochuluka chifukwa palibe chimene chachotsedwa. Ngati pakhomo pakuphikidwa thobwa, muonetseni chimera, kuti adziwe kuti ndi mbewu zimene zinayamba kumera kenako n'kuyanikidwa.

Njere zobzala zija zimafuna chisamaliro chapadera, chifukwa apa ndi pamene mwana amaphunzira kudikira. Chimanga chimatenga miyezi itatu kapena inayi kuti chikhwime, zomwe ndi nthawi yaitali kwa mwana wamng'ono, choncho ndi bwino kubzala pamodzi ndi nyemba, zimene zimamera pakatha pafupifupi sabata imodzi. Boolani pansi pa zitini zitatu, muikemo dothi losakaniza ndi manyowa, ndipo m'chitini chilichonse mwana abzalemo nyemba ziwiri. Chitini choyamba chikhale padzuwa ndipo chizithiriridwa, chachiwiri chikhale padzuwa koma chisathiriridwe, chachitatu chizithiriridwa koma chikhale m'nyumba mwamdima. Musamuuziretu chimene chichitike. Pakatha masabata awiri adzaona yekha kuti m'chitini chouma simunamere kanthu, ndipo chamumdima chatulutsa mbewu yaitali, yoyezuka ndi yofooka. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, mupatseni mzere wake umodzi m'mphepete mwa munda kapena kuseri kwa nyumba, mzere waufupi woti angathe kuupalira ndi kakhasu popanda kutopa. Chimanga cha pamzere umenewo chikacha, chiwotchedwe padera ndipo agawire yekha abale ake. Ndinaonapo mnyamata wa zaka 6 akunyamula chimanga chake choyamba m'manja awiri kupita nacho kwa agogo ake, nagwada n'kunena kuti, "Agogo, ichi ndalima ndine, mulawe." Agogowo anadya njere zochepa chabe popeza mano anali atatha, koma mnyamatayo sanafunsenso kumene nsima imachokera.

Zinthu zogula m'sitolo ndizo zimavuta, chifukwa pakati pa munda ndi botolo pali fakitale imene mwana sangaione. Komabe zambiri mwa izo zingathe kuonetsedwa pang'ono pakhomo. Pa mafuta ophikira, kazingani mtedza wochepa, mwana ausinje, kenako aukanikize pa pepala loyera. Pepalalo lidzanyowa ndi mafuta moti akaliyang'anitsa kudzuwa lidzaonekera kuseri. Muuzeni kuti kufakitale amafinya chimodzimodzi njere za mpendadzuwa ndi soya, koma ndi makina amphamvu, ndipo soya amene amalimidwa kwambiri kuno ku Angónia ndi ku Tsangano amapanganso chakudya cha nkhuku. Pa shuga, sendani nzimbe, muidule tizidutswa, muisinje ndi kufinyira madzi ake m'kapoto, kenako munthu wamkulu awawiritse pamoto wochepa mpaka atalimba ngati uchi wofiirira. Mwana akalawa adzazindikira yekha kukoma kwake. Mungamuuze kuti m'dziko lathu muli minda ikuluikulu ya nzimbe ndi mafakitale a shuga ku Marromeu ndi ku Mafambisse m'chigawo cha Sofala, ndiponso ku Xinavane kummwera, ndi kuti masamba a tiyi amathyoledwa m'mapiri a Gurúè ku Zambézia komanso ku Thyolo ndi ku Mulanje kutsidya kwa malire. Buledi amachokera ku tirigu. Ana a ku Tsangano ali ndi mwayi chifukwa kumeneko kumazizira ndipo tirigu amalimidwa, koma tirigu wambiri wopangira buledi amene timagula amachokera kunja ndipo amafika pa sitima zapamadzi kudoko ngati la Beira.

Pa zovala ndimakonda kukhalitsa pang'ono, chifukwa ana amadabwa kwambiri akamva kuti nsalu imamera m'munda. Pezani thonje losachotsa njere kwa achibale olima kumadera otentha a m'chigwa cha Zambezi, ngakhale lodzaza dzanja limodzi lokha. Mwana achotse njerezo ndi zala, ntchito imene adzaona kuti ndi yovuta, kenako akoke thonjelo pang'onopang'ono uku akulipota pantchafu mpaka lisanduke ulusi. Ulusi wake udzakhala wokhuthala ndi woduka msanga, koma ndi ulusi ndithu. Mukatero tengani chitenje chakale, musomole ulusi umodzi m'mphepete mwake, ndipo muuike pambali pa ulusi wa mwanayo. Muuzeni kuti makolo athu a m'chigwa cha Zambezi ankalima thonje ndi kuwomba okha nsalu zotchedwa machila kalekale mafakitale asanabwere. Koma munene zoona zonse, kuti si chovala chilichonse chimene chimachokera ku thonje, popeza zovala zambiri za masiku ano zimapangidwa ndi ulusi wochokera ku mafuta a pansi pa nthaka.

Kunena zoona kotereku n'kofunika pa phunziro lonseli. Mwana akagwira mfundo yoti zinthu zimachokera kumunda amayamba kuiika pa chilichonse, ndipo ndi ntchito yathu kumuwongolera. Mchere sulimidwa, umatsala madzi a m'nyanja yaikulu akaumitsidwa ndi dzuwa, zomwe mungaonetse posungunula mchere m'madzi ochepa ndi kuika mbaleyo padzuwa. Kapenta amene timagula kumsika amagwidwa usiku ndi nyali pa nyanja ya Cahora Bassa. Masau ndi malambe, amene chigawo chathu chimadziwika nawo makamaka kumadera ouma ngati Changara, nthawi zambiri amangotoledwa ku mitengo yomera yokha. Mungachite masewero oika zinthu za m'khitchini m'milu inayi, za m'munda, za m'khola, za m'madzi ndi za m'tchire, ndipo chinthu chikasowa mulu wake, ngati supuni kapena ndowa ya pulasitiki, mukambirane naye chifukwa chake.

Za m'khola sizifuna mawu ambiri. Nkhuku ikayamba kufungatira, lembani mizera pakhoma pamodzi ndi mwana tsiku lililonse, ndipo adzaona anapiye akuswa pa tsiku la 21. Mbuzi imakhala ndi bere pafupifupi miyezi isanu. Mwana aone pokama mkaka, alawe chambiko, ndipo agwire chikopa cha pa ng'oma kuti adziwe kuti nachonso chinachokera m'khola.

Tsiku la msika ndi kalasi yabwino kwa ana amene afika zaka 7 kapena 8. Mukapita kumsika wa Ulongwe kapena kumisika ya m'malire ngati wa Lizulu, mupatseni mwana ntchito yofunsa ogulitsa atatu mwaulemu funso limodzi lokha, lakuti, "Amayi, tomatoyu wachokera kuti?" Ogulitsa ambiri amasangalala kuyankha mwana wofunsa bwino, ndipo mayankho awo amatchula midzi ndi madimba enieni. Pobwerera kunyumba mufunseni kuti mbatata ya kachewere imene waona itapakidwa m'matumba ikupita kuti, ndipo mumuuze kuti ina imakafika mumzinda wa Tete n'kusanduka chipisi. Ana okulirapo mungawauzenso kuti mbewu nazo zili ndi kwawo. Chimanga chinayambira ku Mexico ndipo chinafika kuno m'nthawi ya amalonda a Chipwitikizi, pamene makolo athu ankadalira mapira ndi mawere, ndipo mbatata ya kachewere inachokera kumapiri a Andes ku South America.

Popeza kusukulu ana athu amakumana ndi Chipwitikizi, ndi bwino kuti chinthu chilichonse achidziwe poyamba m'chinenero chakwathu, kenako mumuuze dzina lake lina, kuti chimanga ndi milho, nyemba ndi feijão, thonje ndi algodão. Mwana amene wagwira kale thonje m'manja savutika kukumbukira mawu achilendowo, pamene woloweza chabe amaiwala mayeso akangotha. Aphunzitsi mungapemphe ana kubweretsa mbewu zochepa zochokera kwawo, n'kuzimata pa katoni ndi mayina onse awiri.

Pali zinthu zina zimene ndikupempha makolo ndi aphunzitsi kuti tizisamale kwambiri. Mbewu zogula zopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira si zodya, ndipo mwana wamng'ono asazigwire nkomwe, chifukwa dzanja lake silichedwa kupita kukamwa. Pa phunziro ili gwiritsani ntchito mbewu za m'nkhokwe zosathira mankhwala a anankafumbwe. Mabotolo a mankhwala opopera asakhale pamene ana amafika, ndipo mwana asalowe m'dimba limene langopoperedwa. Fodya ndi mbewu imene imabweretsa ndalama m'mabanja ambiri a ku Angónia, Macanga ndi Chifunde, ndipo mwana angathe kuuzidwa kuti ndalama za yunifomu yake zinachokera kumeneko, koma asagwire ntchito m'munda wa fodya kapena m'chigafa, popeza masamba aawisi, makamaka akanyowa, amalowetsa poizoni wake kudzera pakhungu ndipo amadwalitsa ana msanga.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi chizolowezi chopereka khasu ngati chilango. Mwana wachedwa kusukulu, timamutumiza kukalima m'munda wa sukulu dzuwa likuswa mtengo, anzake ali m'kalasi, ndipo kunyumba timamuuza kuti akapanda kulimbikira sukulu adzakhala mlimi. Tikatero tafafaniza zonse zimene tinamuonetsa pa mtondo ndi pa chitini cha nyemba, chifukwa waphunzira kuti ntchito imene imamudyetsa ndi yamanyazi. Nthawi ya kumunda ya mwana wamng'ono ikhale yaifupi, ichitike m'mawa kapena madzulo kukazizira, isalowe m'malo mwa sukulu, ndipo akanena kuti watopa mumulole akakhale pamthunzi. Wolakwa alangizidwe m'njira ina, koma mzere wake wa chimanga uja ukhale wake, woti amathamangirako yekha akaweruka kusukulu kuti akaone ngati ngayaye zatuluka.