Mmene mungaunikire malonjezo a chaka chatsopano musanawalembe

Pa 1 Januwale changu chimakhala chosefukira, koma pofika mu Febuluwale nsapato zothamangira zimene munthu anagula ndi mtima wonse zimakhala zikutuwa ndi fumbi pansi pa bedi. John Norcross, katswiri wa za maganizo a anthu pa yunivesite ya Scranton ku America, anatsatira kwa zaka ziwiri anthu 200 amene anachita malonjezo otere, ndipo anapeza kuti sabata yoyamba itatha anthu 77 pa 100 alionse anali akuwasungabe, koma pakutha kwa zaka ziwirizo anatsala 19 okha pa 100 alionse. Komabe simuyenera kufulumira kunena kuti kulonjeza n'kutaya nthawi, chifukwa kafukufuku wina wa Norcross wa mu 2002 anasonyeza kuti patatha miyezi 6, anthu 46 pa 100 alionse amene analonjeza anali atasinthadi, pamene mwa anthu amene ankangolakalaka kusintha osalonjeza chilichonse anasintha 4 okha. Vuto kawirikawiri limakhala kapangidwe ka lonjezolo, n'chifukwa chake muyenera kulifunsa mafunso musanalilembe.

Funso loyamba n'lakuti lonjezolo ndi la ndani. Malonjezo ambiri amabwera chifukwa cha manyazi, kapena chifukwa chodziyerekezera ndi zithunzi za anthu ena pa intaneti, ndipo lonjezo lobwereka chonchi silikhala ndi mphamvu yokudzutsani m'mamawa kunja kukuzizira. Dzifunseni ngati mungalisungebe ngakhale patakhala kuti palibe munthu amene adzadziwe. Ngati yankho ndi ayi, lifufuteni. Pa zimene zatsala sankhanipo chimodzi chokha, chifukwa munthu amene akufuna kusiya fodya, kusunga ndalama, kuphunzira chinenero china ndi kugona msanga m'mwezi umodzi amatopa asanaone phindu la chilichonse.

Kenako bwererani ku lonjezo la chaka chatha n'kufufuza pamene linafera. Mawu akuti "ndinachita ulesi" musawalole kukhala yankho, chifukwa sakuphunzitsani kanthu. Fufuzani tsiku lenileni ndi chimene chinachitika. Mwina nthawi imene munasankha inkagundana ndi yokonzekeretsa ana kusukulu, mwina malo ochitira masewera anali kutali, kapena munadwala sabata imodzi ndipo mutachira munaona ngati zonse zawonongeka. Chopinga chomwecho chikukudikirani chaka chino, choncho dongosolo latsopano liyenera kuyamba ndi kuchichotsa.

Mukatero, lembani lonjezolo monga chinthu chimene mudzachite, osati chimene mudzaleke. Kafukufuku wa ku Sweden wofalitsidwa mu 2020, amene anatsatira anthu opitirira 1,000 kwa chaka chathunthu, anapeza kuti malonjezo oyamba chinthu chatsopano ankasungika bwino kuposa malonjezo opewa chinthu. Chifukwa chake sichovuta kuchiona, popeza munthu amene wangonena kuti aleka kusewera ndi foni usiku amagonabe foniyo ili pambali pa pilo, ndipo dzanja limaitola lokha. Amene wanena kuti ikakwana 9 koloko azisiya foni pa chaja m'chipinda china n'kuwerenga masamba asanu a buku, wapatsa dzanjalo ntchito ina.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Peter Gollwitzer, katswiri wa ku Germany, anafotokoza mu 1999 njira yomangirira cholinga ku nthawi ndi malo, mwa chiganizo chakuti "zakuti zikachitika, ndidzachita zakuti". Mawu akuti "ndizichita masewera olimbitsa thupi" ndi chikhumbo chabe, pamene akuti "ndikaweruka kuntchito Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, ndiziyenda ndawala kwa mphindi 30 ndisanalowe m'nyumba" amachotsa mkangano wa mumtima, chifukwa chosankha chinachitika kale munthu asanatope. Yambani ndi mlingo wochepa kwambiri moti mungaukwanitse ngakhale pa tsiku loipa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kuchita masewera otenthetsa thupi pang'ono kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, koma amene wakhala zaka osachita chilichonse angachite bwino kuyamba ndi mphindi 10 n'kumawonjezera, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo.

Musakhulupirire zoti chizolowezi chimakhazikika pa masiku 21. Phillippa Lally ndi anzake a pa University College London anatsatira anthu 96 pa kafukufuku amene anatuluka mu 2009, ndipo anapeza kuti khalidwe latsopano linkatenga masiku pafupifupi 66 kuti liyambe kuchitika lokha, ngakhale kuti ena zinawatengera masiku 18 okha pamene ena ankafunika masiku 254. Anapezanso chinthu chimene ndimachiona chofunika kuposa manambala onsewa, chakuti kuphonya tsiku limodzi sikunkasokoneza kwenikweni kukhazikika kwa chizolowezicho. Choncho lembani pasadakhale chimene mudzachite mukadzaphonya, mwachitsanzo kuti tsiku lotsatira mudzachita ngakhale theka la mlingo wanu, ndipo musadzayese kulipira ngongole ya masiku ophonyawo mwa kudzipanikiza kawiri.

Za deti musavutike nazo. Ofufuza Hengchen Dai, Katherine Milkman ndi Jason Riis anasonyeza mu 2014 kuti anthu amachitanso changu kumayambiriro kwa sabata, kwa mwezi, ngakhale pambuyo pa tsiku lawo lobadwa, kotero ngati Januwale wakupezani muli pa chipwirikiti, Lolemba lililonse lingagwire ntchito yomweyo. Deti limene muyenera kulemba pa kalendala ndi lounikira, masabata anayi kuchokera pamene mwayamba. Tsiku limenelo werengani masiku amene munachita zimene munalemba, ndipo ngati safika theka, chepetsani mlingo kapena sinthani nthawi yake, kenako lembani deti lina lounikira.