Kapangidwe ndi kayezedwe ka catalyst ya cobalt yotulutsira haidrojeni mu sodium borohydride

Sodium borohydride, NaBH4, ndi ufa woyera umene umasunga haidrojeni wochuluka. Molekyu yake imodzi ikakumana ndi ziwiri za madzi imatulutsa zinayi za haidrojeni, n'kusiya sodium metaborate. Galamu imodzi imapereka pafupifupi malita 2.6 a mpweyawu pa 25 °C. M'madzi wamba ufawu umatha wokha pang'onopang'ono, n'chifukwa chake timathiramo sodium hydroxide kuti uugwire, ndipo catalyst, chinthu chofulumizitsa ntchitoyi koma icho osatha, ndi imene imatsegula mpweya pa nthawi imene tikuufuna. Catalyst za ruthenium ndi platinum zimathamanga kwambiri koma n'zodula. Cobalt ndi yotsika mtengo, ndipo Schlesinger, Brown ndi anzawo anasonyeza mu 1953 kuti cobalt chloride imafulumizitsa ntchitoyi.

Musanayambe, dziwani kuti haidrojeni amayaka akakhala pakati pa 4 ndi 75 peresenti mu mpweya. Gwirani ntchito mu fume hood, kabati yokoka mpweya n'kuutulutsa panja, kutali ndi moto, mutavala magalasi ndi magolovesi. Musatseke botolo limene mukutuluka mpweya.

Sungunulani magalamu 0.24 a cobalt chloride hexahydrate m'mamililita 20 a madzi a distilled mu flask, botolo lagalasi la mu labotale. Madziwo aoneka apinki. Thiranimo magalamu 0.5 a activated carbon, makala okhala ndi timabowo tambirimbiri, n'kutakasa kwa ola limodzi kuti cobalt alowerere m'timabowo ta makalawo. Cobalt adzakhala pafupifupi 10 peresenti ya kulemera konse. Ikani flask m'mbale ya madzi oundana. Pambali sungunulani magalamu 0.15 a NaBH4 m'mamililita 10 a madzi ozizira, ndipo muziwadonthetsera mu flask dontho limodzilimodzi uku mukutakasa mwamphamvu.

Apa m'pamene catalyst imakoma kapena kuwonongeka. Dontho lililonse likagwa pamachita thovu, ndipo pamabadwa tinthu takuda ta cobalt ndi boron, tochepetsetsa moti timayezedwa m'ma nanometre. Ntchito yonse imachitikira pamwamba pa tinthuti, choncho tikachepa malo ogwirirapo amachuluka. Mukathira zonse nthawi imodzi, madzi amatentha, tinthuto timakula msanga n'kumamatirana, ndiye cobalt wambiri amabisika m'kati mwa mibulu momwe borohydride safikamo. Cobalt amakokananso ngati maginito, ndipo makala aja alipo kuti azitigwira motalikirana. Kudekha kwa mphindi 15 pano kumaposa china chilichonse chimene mungachite pambuyo pake.

Thovu likatha, sefani. Madzi odutsa m'sefa akakhala apinki ndiye kuti cobalt wina sanasinthe, onjezani NaBH4. Tsukani katatu ndi madzi, kamodzi ndi ethanol, n'kuumitsa mu vacuum, mopanda mpweya, osapitirira 60 °C. Ufa wouma usakhale pamtunda: umagwira okosijeni n'kufooka, ndipo ukhoza kutentha wokha.

Poyeza, ikani mamiligalamu 20 a catalyst mu flask ya makamwa awiri imene yakhala m'madzi a 25 °C. Kamwa limodzi lilumikizidwe ndi chubu chopita mu silinda ya mamililita 500 yodzaza madzi, yozondoka m'beseni. Kamwa linalo likhale ndi chotsekera cha labala. Sungunulani magalamu 0.1 a sodium hydroxide (NaOH) m'mamililita 10 a madzi, kenako magalamu 0.1 a NaBH4, osati mosinthanitsa. Bayirani madziwa mu flask ndi sirinji kudzera pa chotsekera cha labala, yambitsani wotchi, n'kumalemba kuchuluka kwa mpweya masekondi 30 alionse. Chotsanipo mamililita 10 a mpweya umene madzi obayirawo akankha.

Muyembekezere pafupifupi mamililita 260 a mpweya. Ukachepa kwambiri, yambani mwafufuza podontha ndi madzi a sopo musanaimbe mlandu catalyst. Apo ayi, NaBH4 ndi wakale ndipo anayamwa chinyezi. Liwiro liwerengereni pa gawo lowongoka la girafu, m'mamililita pa mphindi pa galamu ya cobalt, ndipo nenani poyera ngati mwagawa ndi kulemera kwa cobalt yekha kapena pamodzi ndi makala. Ambiri satchula zimenezi, ndiye manambala awo sayerekezeka. Yang'aniraninso thermometer, chifukwa ntchitoyi imatulutsa kutentha, ndipo flask ikafunda liwiro limakwera ngati kuti catalyst ndi yamphamvu.

Mukaigwiritsanso ntchito mudzaona ikufooka. Nthawi zambiri ndi borate, monga metaborate wotsalira uja, amene wakuta pamwamba pa cobalt. Itsukeni ndi madzi ambiri mukangomaliza ulendo uliwonse, isanaume. Musachulukitsenso NaBH4 pofuna mpweya wambiri, chifukwa metaborate sasungunuka kwambiri, amauma pa catalyst ndi kutseka machubu.